Mabwinja a pa Zitunda za Johannesburg ndi Malamulo Owateteza

M'chaka cha 1963, Revil Mason, katswiri wofukula zakale wa pa yunivesite ya Witwatersrand, anafukula ng'anjo yosungunuliramo chitsulo pa kachitunda kotchedwa Melville Koppies, makilomita owerengeka chabe kuchokera pakatikati pa mzinda wa Johannesburg. Inali ng'anjo yaing'ono ya dothi, ndipo pambali pake panali makala ndi zotsalira za miyala yosungunuka. Makalawo atapimidwa anasonyeza kuti moto unayaka pamalopo zaka mazana angapo golide asanapezeke ku Langlaagte mu 1886. Mzinda umene mbiri yake inkayambira pa golide ndi mahema a azungu unapezeka kuti unakhala pa bwinja la anthu ena. Amalawi zikwizikwi amene anapita ku Joni pa Wenela anagwira ntchito m'migodi ya m'munsi mwa zitunda zomwezi, ndipo n'zokayikitsa ngati panali amene anawauzapo kuti pamwambapo panali makola a ng'ombe, mphero ndi ng'anjo, ntchito imene makolo awo ankaidziwanso ku Kasungu ndi ku Nyika.

Mawu akuti bwinja ndi ofunika kuwalingalira pang'ono. M'Chichewa bwinja si thengo. Ndi malo amene panali mudzi, ndipo amatchulidwa ndi dzina la mwini wake: pa bwinja la auje. Anthu amadziwa amene anasamukapo, chimene chinawasamutsa ndi kumene kuli manda awo, ndipo amapitako kukathyola mango ndi maungu ongomera okha. Chingerezi cha akatswiri chinaika midzi ya pa zitunda za Johannesburg m'gulu lotchedwa prehistory, kutanthauza nthawi imene mbiri inali isanayambe kulembedwa. Mawuwa amamveka opanda vuto, koma amaika m'thumba limodzi zinthu zosiyana kwambiri: nkhwangwa ya mwala ya zaka pafupifupi 500,000, yonga zimene zinapezekanso pa Melville Koppies pomwepo, ndi khola la ng'ombe limene linasiyidwa m'zaka za m'ma 1820, nthawi imene ku Cape Town kunali kale nyuzipepala. Mwini nkhwangwa sadziwika. Mwini khola ali ndi zidzukulu zoyankhula Chitswana ndi Chisutu mpaka lero. Kusiyana kumeneku ndiko kunawavuta opanga malamulo a ku South Africa kwa zaka pafupifupi 90.

Dera la Johannesburg ndi lokwera, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere. Ndi dziko la udzu, lozizira koopsa m'miyezi ya June ndi July, ndipo mitengo yambiri imene ikuphimba mzindawu lero ndi yochita kubzala. Kale inkapezeka m'zigwa ndi m'mbali mwa zitunda mokha. Alimi oyambirira a m'derali ankakonda malo otsika ndi ofunda, monga ku Broederstroom, kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, kumene Mason yemweyo anafukula mudzi wa zaka zoposa 1,300. Kukwera ku dziko la udzu kunachitika mochedwa, kuyambira cha m'ma 1400 ndi 1500, ndipo kunafuna nzeru zina. Popeza mitengo yomangira mipanda inali yosowa, anthu anatembenukira ku miyala, ndipo ndowe zouma zinathandiza pa moto. Chitunda chinkapereka zonse pamalo amodzi: miyala yomangira, akasupe, nkhuni zochepa, dothi la mapira m'munsi mwake, ndi pokwera poonera ng'ombe kubusa. Choncho si zoona kuti aliyense wokhala pa phiri ankathawa nkhondo. Midzi yambiri inali m'tsinde ndi m'mbali mwa zitunda. Kukwera pansonga penipeni kunkadza nthawi zikaipa.

Kamangidwe kake ndi kamene kamasimba zambiri. Omanga ankandandalika mizere iwiri ya miyala ikuluikulu, pakati pake n'kuthiramo timiyala, osagwiritsa ntchito matope. Pakati pa mudzi pankakhala makola a ng'ombe, ndipo amuna olemekezeka ankaikidwa m'makola momwemo akamwalira. Mozungulira makolawo munali nyumba za dothi ndi udzu, zimene lero zatsala pansi pake pokha, makamaka pamene nyumba inapsa dothi n'kuuma ngati njerwa. Kunja kwa zonse kunali mpanda waukulu, ndipo m'midzi ya zaka za m'ma 1700 mpandawo umapindikapindika kusonyeza bwalo la kuseri kwa nyumba ya mayi aliyense, kumene kunali mphero, miphika ndi nkhokwe. Munthu wa ku Mzimba kapena wa kwa Gomani ku Ntcheu sangavutike kuwerenga mudzi wotere, pakuti ndi mudzi wa anthu olowola ndi ng'ombe ndi owerenga mtundu kuchimuna. Mchewa wa kwa Kalumbu, amene mudzi wake umazungulira mbumba, angaone kuti ng'ombe zapatsidwa malo amene kwawo ndi a bwalo. Thomas Huffman, wa pa Witwatersrand pomwepo, anatcha mtundu umodzi wa mipandayi dzina la Klipriviersberg, zitunda za kumwera kwa mzindawu, ndipo amaugwirizanitsa ndi Afokeng.

Kuchuluka kwa midzi imeneyi kunadziwika pamene akatswiri anayamba kuyang'ana pansi ali m'mwamba. Mu 1968 Mason anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa zithunzi zojambulidwa pa ndege, ndipo anawerenga midzi ya mipanda ya miyala yoposa 6,000. M'malo otetezedwa a Klipriviersberg mokha, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pakati pa mzinda, munapezeka midzi 19. Patapita zaka 50, Karim Sadr anagwiritsa ntchito makina a LiDAR, amene amaponya kuwala kwa leza kuchokera pa ndege n'kuyeza kumene kwagunda, kotero kuti kompyuta imatha kuchotsa zitsamba pa chithunzi n'kusiya nthaka ndi miyala. M'tsinde mwa mapiri a Suikerbosrand, makilomita 50 kapena 60 kumwera kwa Johannesburg, pamene kale pankaoneka ngati timidzi tomwazikana, panaoneka mzinda umodzi wotalika pafupifupi makilomita 10, wa mabanja pakati pa 800 ndi 900, wokhala ndi misewu ya ng'ombe yotchingidwa ndi miyala ndiponso milu ya phulusa pa makomo a mabanja olemera. Nkhaniyi inafala mu 2018, ndipo malowa tsopano amadziwika ndi dzina lakuti Kweneng, kutanthauza kwa ng'ona. Sadr akuganiza kuti pachimake pake munkakhala anthu pakati pa 5,000 ndi 10,000. Chiwerengerochi sichodabwitsa kwa amene anawerengapo za m'mishoni John Campbell, amene mu 1820 anafika ku Kaditshwene, mzinda wa Ahurutshe pafupi ndi Zeerust ya lero, nayerekeza kuti munali anthu 16,000.

Kutha kwa midziyi kunali kwadzidzidzi. M'zaka za m'ma 1820 dera lonseli linagwedezeka ndi nkhondo zimene Asutu ndi Atswana amazitcha Difaqane. Mzilikazi ndi Amandebele ake anafika cha ku mtsinje wa Vaal mu 1823, nasamukira ku mapiri a Magaliesberg mu 1827. Robert Moffat, popita kukaonana naye mu 1829, anadutsa m'mizinda ya miyala yopsa ndi yopanda anthu. Chipwirikiti chomwechi ndicho chinatulutsa Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu November 1835, ndipo Achewa ndi Atumbuka ambiri anakwera mapiri kapena kumanga malinga pothawa zotsatira zake. Mabunu atafika ndi ngolo zawo n'kuthamangitsa Mzilikazi mu 1837, anapeza dziko limene eni ake ena anaphedwa, ena anabisala, ena anali atangoyamba kubwerera. Iwo analigawa kukhala mafamu.

Apa ndi pamene miyala inasanduka nkhani ya ndale. Olemba mbiri a chitsamunda, wotchuka mwa iwo George McCall Theal, anafalitsa ganizo lakuti anthu akuda anali alendo obwera mochedwa, ndipo m'nthawi ya tsankho ana a sukulu ankaphunzitsidwa kuti anthu akuda anawoloka Limpopo nthawi yofanana ndi imene Adatchi anafika ku Cape mu 1652. Dziko lopanda mwini silibedwa. Mpanda uliwonse wa pa Klipriviersberg unkatsutsa chiphunzitso chimenechi, ndipo n'chifukwa chake dzina la buku la Mason la 1986, Origins of Black People of Johannesburg and the Southern Western Central Transvaal AD 350–1880, linali ndi mphamvu yoposa ya dzina wamba la buku. Kumpoto kwa Limpopo zinali chimodzimodzi: Peter Garlake anachoka ku Rhodesia mu 1970 chifukwa boma silinkafuna kumva kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi makolo a Ashona.

Lamulo loyamba la ku South Africa pa zinthu zakale linali Bushman-Relics Protection Act la 1911. Linkateteza zojambula za pa miyala ndi zopezeka m'mapanga ndi m'manda a anthu a mtundu wa San, makamaka poletsa kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo, pakuti nthawi imeneyo asayansi a ku Ulaya ankatumiza mafupa a anthu kwawo ngati katundu. Dzina la lamuloli likuulula maganizo a olilemba. Zoyenera kusungidwa zinali za anthu amene ankaganiziridwa kuti akutha ndipo sadzafunsanso malo. Patangopita zaka ziwiri, mu 1913, nyumba ya malamulo yomweyo inakhazikitsa lamulo la malo limene linasiyira anthu akuda magawo pafupifupi 7 pa magawo 100 alionse a dziko. Midzi ya miyala, imene eni ake anali moyo ndipo ankadziwa mayina a mafumu amene anaimanga, sinali chinthu chimene boma lotere likanathamangira kuchilemba m'kaundula. Lamulo la 1923 linakhazikitsa bungwe loona za zikumbutso, la 1934 linapereka mphamvu yolengeza malo kukhala otetezedwa, ndipo la 1969 linabweretsa National Monuments Council. Pofika m'zaka za m'ma 1990 zikumbutso za dziko zinali zoposa 3,000, ndipo zochuluka zedi zinali nyumba, matchalitchi ndi malinga a azungu.

Tsono nchiyani chinasunga mabwinja a Johannesburg? Choyamba ndi kuuma kwa thanthwe. Omanga mzinda anayamba ndi malo osavuta, ndipo zitunda za miyala anazisiya chifukwa kuikamo misewu ndi mipope kunali kodula. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chofunika kuchionetsetsa, ndi maluwa ndi mbalame. Melville Koppies inalengezedwa kukhala malo otetezedwa a zachilengedwe mu 1959, zaka zinayi ng'anjo isanafukulidwe, ndipo inakhala chikumbutso cha dziko mu 1968. Pachikhala kuti okonda zomera sanalimbikire mu 1959, ng'anjoyo mwina ikanaphwanyidwa pansi pa maziko a nyumba popanda woiona. Suikerbosrand inatchingidwa m'zaka za m'ma 1970 chifukwa cha udzu, zitsamba ndi nyama zake, ndipo Klipriviersberg, ya mahekitala pafupifupi 700, inalengezedwa mu 1984 pa zifukwa zofanana. Ngakhale ndondomeko imene boma la chigawo cha Gauteng linatulutsa mu 2001 yochepetsa zomangamanga pa zitunda inalembedwa poganizira zomera ndi tizilombo. Midzi ya Atswana inalowa m'chitetezo mongotsatira, ngati mwana wolowa pa phwando atagwira nsalu ya mlendo woitanidwa. Kunja kwa mipanda ya waya, mabwinja ambiri analimidwa, ena miyala yake inatutidwa kukamangira makola ndi minda ya maluwa, ena ali pansi pa misewu.

Lamulo limene likugwira ntchito lero ndi National Heritage Resources Act, nambala 25 la 1999, limene linayamba kugwira ntchito mu April 2000 n'kukhazikitsa bungwe la SAHRA. Pansi pa lamuloli bwinja silidikira kulengezedwa kuti litetezedwe. Chilichonse chopangidwa ndi anthu chimene chinasiyidwa, chili pansi kapena pamwamba pa nthaka, ndipo chapitirira zaka 100, chimatetezedwa pachokha. Gawo 35 limanena kuti zinthu zofukulidwa zotere ndi za boma, kuti wozipeza ayenera kukanena msanga, ndiponso kuti palibe wololedwa kuphwanya, kukumba, kusintha kapena kuchotsa kanthu popanda chilolezo, ngakhale malowo akhale ake. Wophwanya gawoli angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka zitatu. Gawo 36 limateteza manda opitirira zaka 60 amene ali kunja kwa manda ovomerezeka, ndipo izi zikukhudza makola aja oikamo akuluakulu. Lamuloli limatchulanso malo amene ali ndi mbiri yosimbidwa pakamwa monga mbali ya chuma cha dziko, chinthu chimene olemba lamulo la 1911 sakanachilota. Malo amagawidwa m'magulu atatu, a dziko lonse, a chigawo ndi a khonsolo, ndipo zikumbutso zakale za dziko, kuphatikizapo Melville Koppies, zinasanduka za chigawo.

Gawo limene limakumana ndi makina okumba tsiku ndi tsiku ndi 38. Aliyense wofuna kumanga msewu, mpope kapena nthambo za magetsi zotalika kuposa mamita 300, kapena kusintha maonekedwe a malo oposa masikweya mita 5,000, ayenera kudziwitsa akuluakulu oona za zinthu zakale ntchito isanayambe, ndipo iwo angalamule kuti katswiri ayende pamalopo n'kulemba lipoti. Gawoli lachita zambiri. Labala ntchito kwa ofukula zakale ochuluka, ndipo kuyambira 2012 malipoti awo amaikidwa pa intaneti m'kaundula wotchedwa SAHRIS, kumene wophunzira aliyense angawawerenge. Komabe lili ndi mbali imene anthu ambiri saidziwa. Katswiri amalipidwa ndi womanga yemweyo. Ndipo lipoti likanena kuti bwinja ndi la mtengo wochepa, zimene zimatsatira ndi kulijambula, kufukulapo pang'ono, kuika mapale m'mabokosi, kenaka kupereka chilolezo chakuti liphwanyidwe. Zina mwa zimene zikudziwika bwino za mipanda ya Klipriviersberg zinachokera ku ntchito yotere, imene Huffman ndi anzake anaichita nyumba za ku Aspen Hills zisanamangidwe. Chidziwitso chinapindula, ndipo palibe angatsutse zimenezo. Koma lamulo lotere limasankha chimene chitsale, ndipo wosankhayo kawirikawiri amayeza mtengo wa bwinja ndi zimene lingaphunzitse sayansi. Mudzi wofanana ndi ina makumi asanu ndi wa mtengo wochepa kwa katswiri. Kwa mdzukulu wa amene anaikidwa m'khola lake, kufanana kwake ndi ina kulibe kanthu.

Palinso nkhani ya manja ogwira ntchito. Lamulo linagawa udindo pakati pa dziko, zigawo ndi makhonsolo, koma mabungwe ambiri a m'zigawo anakhala zaka zambiri opanda akatswiri okwanira, kotero kuti zilolezo za zofukula zinatsala m'manja mwa SAHRA, imene likulu lake lili ku Cape Town, makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Johannesburg. Mpanda wa miyala wofika m'mawondo, wobisika mu udzu, ungathe kusalazidwa m'mawa umodzi, ndipo woyendetsa makina angalumbire moona mtima kuti anaona mulu wa miyala basi. Kweneng ikuonetsa vutoli poyera: mbali ina ya mzindawo ili mkati mwa malo otetezedwa a Suikerbosrand, mbali ina ili m'mafamu a anthu, ndipo waya wolekanitsa mbali ziwirizi unaikidwa ndi anthu amene sankadziwa kuti akudula mzinda pakati.

Mawu akuti zofukulidwa ndi za boma nawonso ali ndi mbali ziwiri. Amaletsa mwini famu kugulitsa mikanda ndi miphika, koma amatanthauzanso kuti zidzukulu ziyenera kupempha kuti zikhudze za makolo awo. Mafupa amene anafukulidwa pa phiri la Mapungubwe kuyambira 1933 anakhala m'mabokosi a mayunivesite mpaka 2007, pamene anabwezedwa n'kuikidwanso m'manda patatha zokambirana zazitali za amene ali oyenera kuwalira.

Wowerenga wa ku Malawi angazindikire zambiri mwa izi. Lamulo la Monuments and Relics Act la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nalonso limaletsa kufukula ndi kutulutsa zinthu zakale popanda chilolezo. Malo 127 a zojambula za pa miyala ku Chongoni, m'boma la Dedza, amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, ambiri ali mkati mwa nkhalango imene atsamunda anaitchinga chifukwa cha mitengo ndi madzi. Ng'anjo za ku Nyika ndi ku Kasungu zasungika m'malo osungirako nyama. Phiri la Mbande ku Karonga likudziwika chifukwa cha ufumu wa Kyungu, koma mapiri ambiri amene anthu anathawirako m'zaka za m'ma 1800 ali ndi mapale ndi mphero zimene amazidziwa ndi abusa a mbuzi ndi ophwanya miyala ya kwale.

Pa Melville Koppies lero ng'anjo ya Mason ili pansi pa denga, m'chigawo chapakati cha mahekitala pafupifupi 50 chimene chimakhala chotseka ndipo alendo amalowamo pa nthawi zoikika. Ntchito yaikulu yosamalira malowa imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka mogwirizana ndi khonsolo ya mzinda, ndipo ana a sukulu amabwera kudzaona pamene chitsulo chinkasungunulidwa. Chigawo chakumadzulo, chachikulu kuposa chinzake, ndi chotsegula. Kumeneko Lamulungu lililonse magulu a mipingo ya chiafirika, ovala zoyera, zobiriwira ndi zabuluu, amakwera chitunda kukapemphera m'mabwalo ozungulira, osesedwa bwino, gulu lililonse pa bwalo lake. Lamulo la 1999 lili ndi mawu a zinthu zotere, limazitcha chikhalidwe chamoyo, koma gawo 35 silizifikira. Mabwalowo sanasiyidwe, ndipo sanakwanitse zaka 100.